Msomali wa Nambala Seveni

Inki ya ufa ikasungunuka m'madzi imanunkha ngati msomali wadzimbiri umene wagonera pamvula. Mpaka lero ndikamva fungo lotere, ngakhale pa chitini chakale chimene adzukulu atola kudzala, ndimangopezeka ndaima m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde la sukulu ya atsikana, pa mishoni ina yaing'ono ya kumapiri a Dedza, nditagwira botolo ndi manja awiri kuopa kudonthetsa. Inali nthawi ya Chitaganya. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kapena khumi ndi ziwiri, pakuti amayi ankawerengera zaka zathu pa njala ndi pa maliro. Kachipindako kanali ka Chifalansa.

Musandifunse kuti Chifalansa chinkadzafuna chiyani kwathu kuja, kumene ngakhale Chingerezi chinkafika chitatopa. Mwini wake wa zonsezi anali Sisitere Bernadeta, mayi wamtali wochokera ku Canada, wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno. Iwo ankati makalata a chipani chawo cha masisitere amabwera m'Chifalansa, ndiye ngati ana a kuno adzavale nsalu ya kumutu tsiku lina, asadzakhale ogontha m'nyumba mwawo momwe. Choncho anasankha atsikana khumi ndi awiri a m'makalasi apamwamba, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu masana, anzathu akamasinja chimanga kapena kupalira kachewere, ife tinkakhala pabenchi n'kumapotoza milomo. Anzathuwo ankatida nazo, ndipo sindiwanena.

Chipindacho chinali chaching'ono, koma chinali ndi malamulo oposa a m'tchalitchi. Pakhoma panali misomali khumi ndi iwiri yokhomedwa pamzere umodzi, uliwonse ndi nambala yake, ndipo pamwamba pa msomali panali kapepala kolimba kolembedwa dzina la mwini wake. Pamenepo m'pamene pankakolekedwa sileti. Mabuku analinso khumi ndi awiri, okutidwa ndi mapepala a matumba a simenti, ndipo ankagona m'kabati ya mkungudza imene miyendo yake inaikidwa m'zitini za phulusa kuti chiswe chisakwere. Kukhoma la kum'mawa kunali zithunzi: kavalo, tebulo la buledi wautali ngati musi, ndi nyumba ina yokwiririka ndi zoyera zimene Sisitere ankati ndi madzi ouma ogwa kumwamba. Ife tinkavomera ndi mitu, koma tikatuluka tinkati mzunguyo akutinamiza, umenewo ndi ufa.

Ntchito yosamala chipindachi inagwera ine, osati chifukwa cha nzeru ayi. Ndinali kamwana kowonda, ka chifuwa, kosatha kusenza mtolo wa nkhuni popanda kugwa nawo kawiri panjira. Koma dzanja langa linkalemba mowongoka, ndipo Sisitere ankakhululukira munthu zambiri ngati zilembo zake zili zowongoka. Anandipatsa kiyi pachingwe, ndinkayenda nayo m'khosi ngati mkanda. Ndinkasesa, kuwaza madzi pansi, kusintha phulusa, kusungunula inki, kupukuta masileti ndi kuwerenga mabuku asanalowe m'kabati. Ntchito yaikulu pa zonse inali kuitana maina. Phunziro lisanayambe ndinkaima kutsogolo ndi kaundula, n'kuitana mmodzimmodzi, ndipo woitanidwayo ankaimirira n'kuyankha kuti "Pulezanti, ma Sere," kutanthauza kuti ndilipo, Sisitere. Iwo ankachonga ndi pensulo papepala lawo.

Nambala seveni anali akulu anga, obadwa mimba imodzi ndi ine. Dzina lawo la ubwana sindilitchula pano, ndipo chifukwa chake muchimva. Anandiposa zaka zitatu, koma sukulu tinayamba tsiku limodzi, pakuti amayi anakana kutumiza mwana mmodzi yekha kwa alendo. Ambiri mwa anzathu anali obatizidwa, a Rozina, a Filomena, a Agnesi, koma ife awiri tinali tikadali m'kalasi ya ubatizo, kotero m'kaundula munali maina athu a kumudzi. Ubatizo wathu unali woti udzachitike pa Pasaka.

Ngati panali munthu amene Chifalansa chinamulowa, anali akulu angawo. Ine ndinkaloweza ngati chinkhwe, iwo ankamva. Patchuthi ankalonjera mbuzi za amalume m'Chifalansa, ndipo ankati mbuzizo zimayankha bwino kuposa Filomena. Mtima wawo wonse unali pa uphunzitsi. Ankatola makala n'kumalemba pakhoma la nkhokwe, ana a m'mudzi atakhala pansi mozungulira, ndipo wosamvera ankamuona ndi kamtengo. Kwa ine, pa mishoni ponse paja, munthu wanga anali iwo okha. Tinkafunda bulangete limodzi m'kuzizira kwa Juni, ankandichotsa matekenya ndi munga, ndipo wina akandilanda ndiwo ankakatenga ndi mbale yomwe.

Tchuthi chachitali cha chaka chimenecho, chimanga chitalowa m'nkhokwe, akulu anga anatha msinkhu. Bambo anali ku Joni, ndiye nkhani inali ya amayi ndi amalume. Lamulo la ku mishoni linali lodziwika kwa aliyense: mtsikana wopita ku chinamwali cha kumudzi, sukulu yake yathera pomwepo. Koma amayi ankadziwanso lamulo lina, lakuti mkazi wosavinidwa ndi mwana mpaka imvi, salowa m'nyumba yobadwira mwana, ndipo akazi anzake akamakamba zawo amamutuma kukatunga madzi. Anafuna zonse ziwiri, sukulu ndi ulemu. Anawatengera akulu anga kwa abale athu cha ku Lobi, kutali ndi maso a aphunzitsi a kwathu kwa Kaphuka, n'kuwaphatikiza ndi anamwali a kumeneko.

Anabwerako atametedwa mpala, khungu likunyezimira ndi mafuta a nsatsi, maso ali pansi. Ndinathamanga kukawachingamira ndikufuula dzina lawo, monga ndinkachitira kuyambira pamene ndinaphunzira kuyankhula. Azimayi amene anali nawo paulendowo anaomba m'manja modabwa, wina anagwira pakamwa, ndipo akulu anga anatembenukira kumbali ngati ndawathira madzi a m'mbale. Amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe ndi khutu.

"Tamvera iwe Mwandida," anatero. "Dzina lija lamka ndi tsitsi. Awa tsopano ndi a Namwale. Ukadzalitchulanso, ndiye kuti wawavula pagulu. Ndipo ukafika ku mishoni uko, pakamwa tseka, za kuno n'zakuno. Wamva?"

Ndinati ndamva. Khutu linkatentha, ndipo sindinaone kuti malamulo awiriwo akadzakumana m'chipinda chimodzi sadzalonjerana.

Tinabwerera ku sukulu mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira m'mitengo ya mibawa ndi misuku mpaka m'makutu kuchita kuwawa. Mpala sunadabwitse munthu, pakuti theka la atsikana linkabwera litametedwa chifukwa cha nsabwe. Sabata yoyamba inali yokonza chipinda. Ndinatulutsa mabenchi padzuwa, ndinachotsa akangaude, ndinakuta mabuku ndi mapepala atsopano, ndipo Sisitere anandipatsa timapepala tolimba khumi ndi tiwiri kuti ndilembenso maina, poti akale anali atafufuta. Pa nambala seveni ndinaima nthawi yaitali. Kenaka ndinadziuza kuti kulemba si kutchula, dzanja lilibe pakamwa. Ndinalemba, ndinauzira kuti iume, ndipo ndinakakhoma pamwamba pa msomali osaliyang'ana.

Lachiwiri loyamba ndinagwira njakata. Ndinaitana wani, thuu, mpaka sikisi amene anali Rozina. Ndisanatsegule pakamwa pa seveni, akulu anga anali ataimirira kale.

"Pulezanti, ma Sere."

Ine ndinalumphira pa eyiti ngati ndikuwoloka kamtsinje. Sisitere anatiyang'ana pamwamba pa magalasi, woyamba ine, kenaka iwo, n'kuchonga. Tinachita chimodzimodzi Lachisanu, ndi sabata yotsatira, ndi inayo, popanda kupangana. Ndinayamba kuwerengera Pasaka ndi zala. Akulu anga akadzabatizidwa adzalandira dzina lachikhristu, kapepala kadzasintha, ndipo vuto lidzatha lokha. Panangotsala miyezi yowerengeka, ndipo ine ndinkadziona wochenjera koposa.

Koma kusungulumwa kunali kutandipeza kale. A Namwale sankafundanso bulangete limodzi ndi kamwana, sankasambanso nafe kumtsinje, ndipo ankakhala ndi atsikana akuluakulu amene ankasiya kulankhula ine ndikayandikira. Ndinayenera kuwauza kuti "inu" munthu amene dzana lomweli ndinkamupondaponda m'tulo. Sanali ankhanza, anangochita zimene anawalangiza. Komabe zinkandiwawa kwambiri. Matekenya ndinayamba kudzichotsa ndekha, ndipo masana ndikasowa kopita ndinkatsegula chipinda cha Chifalansa n'kukhala pansi pa chithunzi cha kavalo, kumamvetsera misi ya anzanga ikugunda kutali.

Ng'oma sizibisika. Chakumayambiriro kwa Novembala anayamba manong'onong'o akuti mphunzitsi wina wa katekisimu wa cha ku Lobi wabwera ndi mbiri yakuti mwa anamwali a chaka chino munali mwana wa pa mishoni, koma dzina sanalidziwe. Posakhalitsa tinamva kuti Bambo Mfumu, mkulu wa ansembe pa mishoniyo, ayendera makalasi onse. Lachinayi masana, ndikuthira inki m'timabotolo, Sisitere anabwera n'kuima pambali panga. Ankanunkha sopo ndi sitachi.

"Mwandida, mawa kubwera Bambo Mfumu," anatero m'Chinyanja chawo chokhota. "Uitane maina onse, limodzilimodzi, monga momwe alembedwera. Wina asayankhe asanaitanidwe. Onse, mwana wanga. Wamva?"

Nawonso ndinawauza kuti ndamva. Ndinangoti ndi nkhani yawo yomwe ija ya mizere yowongoka, kufuna kuonetsa mlendo kuti chipinda chawo n'cholongosoka. Nditatseka chitseko ndinathamangira kumitondo kuti ndikafunse akulu anga chochita. Ndinawapeza akusinja ndi anzawo atatu, thukuta likuyenderera m'khosi. Ndinaima pafupi, ndikukanda mwendo umodzi ndi unzake, osadziwa poyambira pamaso pa anthu.

"Ukufuna chiyani pa akuluakulu, iwe?" anatero osasiya kusinja. "Pita ukasewere."

Ndinapita. Masewera ake sindinawaone.

Lachisanu lija kunatentha moti choko chinkamata m'manja. Mitambo inali itaunjikana pamwamba pa phiri koma yosagwa, ndipo m'chipinda munkamveka fungo la inki, la thukuta, ndi la fodya wa m'kaliwo ka Bambo Mfumu. Iwo anakhala pa mpando kumbuyo, mkanjo woyera, ndevu zofika pachifuwa, chipewa chili pabondo. Ndinaima kutsogolo. Ndinaitana wani, anayankha. Ndinafika pa Rozina, anayankha n'kukhala pansi. Pa seveni panali zii. Akulu anga anakhala chikhalire monga analamulira Sisitere tisanayambe, manja ali pamiyendo, akundiyang'ana.

Dzinalo linali pamaso panga, lolembedwa ndi dzanja langa lomwe. Ndinatsegula pakamwa, koma m'maso mwanga munabwera azimayi aja ogwira pakamwa, ndi akulu anga akutembenukira kumbali. Apa panali atsikana khumi, mzungu wamkazi ndi mwamuna wandevu. Ngati pagulu pali pena, m'pamenepa. Ndipo ndinaganiza chinthu chimene chandiyendetsa ndi manyazi moyo wanga wonse: ndinati mzungu adziwa chiyani za maina athu? Kwa iye dzina ndi dzina.

"A Namwale," ndinatero.

Filomena anakoka mpweya. Wina anagwetsa pensulo ya sileti ndipo sanaitole. Akulu anga anaimirira pang'onopang'ono, n'kuyankha ndi mawu osanjenjemera.

"Pulezanti, ma Sere."

Sisitere sanachonge. Pensulo yawo inangokhala m'malere. Bambo Mfumu anali atakhala m'dziko muno zaka zambiri ine ndisanabadwe, ataika maliro ndi kumanga maukwati m'midzi yonse yozungulira, ndipo ankadziwa bwino lomwe tsiku limene mtsikana wa kwathu amasiya dzina la ubwana n'kuyamba kuitanidwa ndi mfunda wa bambo ake. Sanakalipe. Anangowafunsa akulu anga motsitsa mawu, m'Chinyanja chosalala kuposa changa.

"Mwana wanga, unavinidwa?"

"Inde, Bambo."

Phunziro linapitirira. Tinaphunzira maina a masiku a pa sabata, ndipo mpaka lero sindiwakumbukira.

Akulu anga anachoka m'mawa mwake. Usiku wapitawo mvula yoyamba inali itagwa, ndipo kunacha nkhungu yokhayokha, nthaka ikununkha, mabulugama akudontha. Mayi wina wogwira ntchito kukhitchini ndiye anawaperekeza. Ndinayembekezera kuti andimenya, kapena anditukwane, ndipo ndikanakonda zikanatero. Iwo anangomasula kamtolo kawo, n'kutulutsa bulangete lija, n'kundiika paphewa.

"Kuno kumazizira, iwe uli ndi chifuwa," anatero. "Usamale chipindacho."

Ndinawaona akutsika njira ya pakati pa mabulugama, kamtolo pamutu, mpaka nkhungu inawameza. Belu linalira, ndipo ndinapita kukasesa.

Miyezi ya mvula ija ndinaikhala ndekha. Anzanga sanandimenye, anangondisala. Anandipatsa dzina lakuti Kaundula, ndipo ndikamadutsa wina ankanena mokweza kuti, "Bisani maina anu, akubwera." Pa chakudya mbale yanga inkakhala kumapeto kwa mphasa. Ngumbi zitatuluka onse anathamangira kuchulu ndi zitini, akukuwa ndi kuseka, ndipo madzulo fungo la ngumbi zokazinga linadzaza bwalo lonse, koma palibe anandiitana. Masuku anapsa, mapichesi a kuseri kwa nyumba ya masisitere anapsa, ana ankabera pamodzi n'kulangidwa pamodzi. Ine ngakhale wondiitana kukaba analibe.

Chipinda cha Chifalansa chinasanduka kwathu. Chaka chimenecho sichinaonepo fumbi. Phulusa ndinkasintha kawiri pa sabata m'malo mwa kamodzi, ndinkayendera khoma lonse ndi kamtengo kufunafuna njira za chiswe, ndipo denga litayamba kudontha pakona ndinakankha kabati ndekha, pang'onopang'ono, masana onse, mpaka inafika pouma. Mvula ikamagunda pamalata ndinkakhala pawindo nditafunda bulangete lija, kuyang'ana minda ya kachewere ikubiriwira m'mphepete mwa phiri ndi utsi wa m'midzi ukukwawa pansi. Ndinkapukuta masileti onse khumi ndi awiri. Ya nambala seveni inalibe cholembedwa chilichonse, koma ndinkaipukuta ndithu, n'kuibwezera pa msomali wake pansi pa kapepala kaja. Nthawi zina ndinkatsegula buku lawo n'kununkhiza, ngati muli kanthu kawo kotsalira. Munkangonunkha simenti.

Sisitere Bernadeta ndinawada ndi mtima wanga wonse. Ndinkati ndi iwo anandikankhira m'dzenje chifukwa cha kukonda mizere yowongoka. Ndinabwezera monga angabwezere mwana wamantha: ndinkawonjezera madzi m'botolo lawo la inki kuti zolemba zawo zizituluka zotuwa, ndipo ndikamawalonjera ndinkayang'ana nsapato zawo. Iwo sananenepo kanthu za inkiyo. Sanandiuzenso kuti ndichotse kapepala ka seveni, kapena kusuntha eyiti kuti atseke mpata pabenchi, chonsecho anali munthu woti sileti ikapendekeka pang'ono ankadzuka pampando kukaiwongola. Poitana maina, ndikachoka pa Rozina ndinkakhala chete kanthawi ndisanapite pa Filomena. Ankandisiya. Ankangoyang'ana pawindo mpaka nditapitiriza.

Tchuthi cha Khirisimasi chitafika, ndinali ndi mantha opita kwathu kuposa okhala. Tsiku lotsekera ndinawerenga mabuku, anakwana, ndipo ndinkati nditseke kabati pamene Sisitere anatambasula dzanja n'kutulutsa la nambala seveni. Anachotsanso sileti pa msomali, anazikulunga pamodzi m'pepala, n'kumanga ndi chingwe mfundo yowongoka bwino.

"Ukapereke kwa a Namwale," anatero.

Anatchula bwinobwino, ndi "a" wake yemwe. Ine ndinati akundinyoza. Ndinalandira ndi manja awiri monga mwa mwambo, koma zikomo sindinanene.

Kumudzi amayi sanandimenye. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mapanga awiri avumbwitsa. Wolakwa ndine." Mawuwo sanandipepuze ngakhale pang'ono. Akulu anga ndinawapeza kumunda akubandira chimanga, ndipo atamasula phukusilo anapukuta manja pansalu kawiri asanakhudze bukulo. Chaka chotsatira anakwatiwa ndi mwamuna wina wa cha ku Lobi, munthu wabwino ndithu, mlimi wa nyemba. Ine ndinabatizidwa pa Pasaka, ndinapitiriza sukulu, ndipo uphunzitsi umene iwo ankaulota pakhoma la nkhokwe unagwera ine, amene sindinaupemphe.

Zinanditengera zaka kuti ndiwamvetse Sisitere. Ndinadzawamvetsa nditaima m'kalasi yangayanga, woyendera sukulu atakhala kumbuyo, ine ndikudziwa za mwana wina chinthu chimene mlendoyo sanayenere kudziwa. Mphunzitsi amaona zonse. Mayi amene ankaona sileti yopendekeka ali kutsidya la chipinda sakanalephera kuona, kwa masabata atatu athunthu, mwana akulumpha dzina la mkulu wake. Anadziwa kuyambira Lachiwiri loyamba, ndipo anachonga n'kukhala chete. Lachinayi lija sankasamala za mizere. Ankafuna dzinalo limveke kamodzi kokha pamaso pa Bambo Mfumu, liyankhidwe, mlendo apite, Pasaka ifike. Kundiuza poyera sakanatha, ine kufunsa sindikanatha. Pamene ndinkazindikira zimenezi anali atabwerera kwawo kalekale, ndipo zikomo uja sindinakapereke.

Ulendo wanga womaliza kukaona akulu anga, tonse tinali titakalamba. Maso awo anali atachita khungu, ndipo ndinawapeza pakhonde akusenda nyemba ndi zala zokha. Amuna awo anali atamwalira, amayi ndi amalume kalekale, ndipo pamudzi ponse anali agogo, kapena a Namwale. Buku lija linali likadalipo m'sutikesi, mbewa zitadya ngodya imodzi. Tinakamba za ana, za miyendo, za mvula. Kenaka ine, amene ndinali nditasunga mawuwo kuyambira tsiku la nkhungu lija, ndinati ndinawalakwira.

"Ukanangotchula, iwe," anatero. "Ndikanachita manyazi tsiku limodzi. Koma nanenso ndinakuthamangitsa pamitondo paja, ndinakuona kuti uli ndi mawu." Anasenda nyemba zina. "Kodi ukulikumbuka? Onse olidziwa anatha. Nthawi zina ndimadziitana ndekha, koma sizikoma. Tanditchula."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu ukamukonda umamuteteza ku manyazi, zivute zitani, ndipo ndinawateteza mpaka kuwachotsa pa sukulu. Pakhonde paja ndinaona kuti chimene ndinawasungira ndi pakamwa potseka zaka zonsezi chinali chinthu chawo, ndipo ankachifuna. Komabe ndinayang'ana uku ndi uku ngati amayi angatulukire kuseri kwa nkhokwe.

"Sekanawo," ndinatero.

Anasiya nyemba, anagwira mzati wa khonde, n'kuimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira.

"Pulezanti," anatero.